Supuni ya pa Chitenje cha Lettie

Ku Makandanyama mukafunsa za Lettie, palibe amene angakufunseni kuti Lettie wake uti. Angokulozerani kanyumba kamalata kofupi ndi njanji n'kunena kuti, "Bana Norah aja a supuni." Kuno "bana Norah" ndiko kuti amake Norah. Musaganize kuti ndi dzina la munthu wosusuka ayi. Mayiyu anayenda zaka zambiri ali ndi supuni ya tiyi yomangirira pa mfundo ya chitenje, pamene anzake amamangapo kiyi wa nyumba. Kumsika anali nayo, ku Misa anali nayo, pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira anali nayo. Lero supuniyo alibenso, koma dzina linakanirira.

Lettie anabadwira m'komboni ya mgodi, tauni ino ya Kabwe ikadali kutchedwa Broken Hill. Bambo ake, a Zacheus, anachoka ku Mchinji ali mnyamata kudzakumba mtovu, ndipo atapeza pogona anabwerera kukatenga mkazi wawo, mayi Justina. Ana anabadwa angapo, koma manda a komboni anatenga ambiri, n'kutsala awiri: Lettie ndi mlongo wake wamng'ono, Febian. Panyumbapo pankalankhulidwa Chichewa cha kumudzi, ngakhale kunja ana ankasewera m'Chibemba. Lettie anakula akunena kuti "kwathu ku Mchinji," dziko loti phazi lake linali lisanapondeko.

Febian anabadwa bwinobwino. Akuphunzira kuyenda anadwala malungo aakulu amene anamukwera m'mutu, ndipo atachira sanakhalenso mwana yemwe uja. Mawu anabwera mochedwa, ochepa, ongokwanira kupempha madzi ndi kuitana "Amayi" ndi "Sisi". Kenako anayamba kugwa. Ankangobuula kamodzi, thupi n'kuuma gwa, maso n'kutembenuka, manja ndi miyendo n'kuyamba kumenya pansi. Anthu a m'komboni ankabalalika ngati kwagwa njoka, poti ankati thovu la munthu wa khunyu likakukhudza nawenso uyamba kugwa. Bodza lenileni, koma nthawi imeneyo akanawauza ndani?

Mayi Justina okha ndiwo sankathawa. Ankagwada pafumbi pomwepo, n'kukanikiza supuni pakati pa mano a mwanayo kuti asameze lilime. Ndi mmene anaonera kwawo, ndi mmenenso aliyense wolimba mtima ankachitira. Zikatha, Febian ankatsamiritsa mutu pamiyendo pawo n'kugona, iwo akumusisita kumaso. Lettie ankaimirira chapafupi, akuphunzira ndi maso.

Koma mnyamatayu anali ndi mluzu, abale inu! Ankakanikiza lilime kumano akutsogolo n'kutulutsa kulira kwa sitima kwenikweni, koti anthu ogulitsa zinthu pa siteshoni ankatha kunyamula madengu awo n'kuthamanga pachabe. Ankasiyanitsa ya anthu ndi ya malasha. Mayi Justina akamusowa sankavutika kuyendayenda m'komboni. Ankangoima pakhomo n'kufuula kuti, "Sitima yanga ili kuti?" ndipo kwinakwake kuseri kwa nyumba za anthu mluzu unkayankha.

Dziko litalandira ufulu, chipatala chachikulu chinayamba kumupatsa makapisozi omwa m'mawa ndi madzulo. Kugwa sikunatheretu, koma kunachepa kwambiri. Lettie naye anakula, n'kukwatiwa ndi Pearson, mnyamata wofatsa wa ku Katete amene ankakonza mabogi ku kampani ya njanji. Anamanga kanyumba kaja ku Makandanyama, mwana wawo woyamba n'kumutcha Norah.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, a Zacheus anapuma pantchito chifuwa chitawatha. Ananena poyera kuti mafupa awo sagona m'dothi la mgodi, akufuna kwawo. Vuto linali Febian. Kumudzi makapisozi akawapeza kuti? Anakambirana mpaka malovu kuuma, mapeto ake anagwirizana kuti mnyamatayo atsale kwa mlongo wake. Pa siteshoni mayi Justina anakokera Lettie pambali, n'kumasula supuni ija pa chitenje chawo.

"Iyi usasiyane nayo, mwananga. Ndi moyo wa mlongo wako. Ndikakhazikika ndibwera kudzamutenga."

Kwa Febian anangonena kuti, "Ndibweranso pa sitima." Sitima inalira, iye n'kuiyankha mokondwa, osadziwa kuti ikumutengera chiyani.

Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse Febian ankakaima pa waya wa njanji. Sitima ya anthu ikamadutsa ankaiimbira mluzu, maso akuthamanga pa mawindo onse mpaka bogi lomaliza. Akabwerera kunyumba ankangoti, "Mawa." Anamera ndevu ali pa waya pomwepo. Lettie ankamuyang'ana ali pakhomo, mtima ukumuwawa, poti nayenso ankadikira, kungoti iye analibe waya woimapo. Ankawasowa amayi ake koopsa. Ankawasowa pobereka, ankawasowa mwana akadwala, ankawasowa ngakhale pa zinthu zazing'ono ngati kuiwala mmene ankathirira chidulo m'therere. Chaka chilichonse ankati chaka cha mawa tipita, koma ana anali aang'ono, ndipo ulendo wa masiku ndi munthu wakugwa unkamuopsa.

A Zacheus anamwalira kumudziko. Uthenga unafika ku Kabwe anthu atameta kale. Lettie analira maliro opanda manda, atakhala pamphasa m'nyumba mwake, anansi akubwera kudzapepesa munthu amene ambiri a iwo sankamukumbukanso. Tsiku limenelo analumbira mumtima kuti za amayi ake sadzazimva motero.

M'kamwa mwa Febian zinthu zinkaipa pang'onopang'ono. Nkhama zinatupa n'kumakwera pamwamba pa mano, zikuchucha magazi akangoluma chinangwa. Mano angapo anali obenthuka, ndipo limodzi lakutsogolo, limene linathyoka pa kugwa kwina, linada bii. M'chilimwe cha 1979 dzinolo linayamba kumudya. Mlomo unatupa mpaka kumphuno. Anasiya nshima, kenako anasiya ndi phala lomwe. Ku waya ankapitabe, koma ankangoima atagwira tsaya, sitima n'kudutsa popanda woiyankha. Akafunsidwa pamene pakuwawa ankadzimenya mutu ndi chibakera.

M'masiku omwewo panabwera mlendo, bambo wina wa kumudzi kwa mayi Justina amene anali pa ulendo wa ku Kitwe. Atamwa madzi sanazungulire.

"Amayi anu maso anafa chaka chatha. Tsopano miyendo yatupa, sakudzukanso pamphasa. Ngati mukufuna kukawapeza, musadikire mvula."

"Ananena chiyani za ife?" anafunsa Lettie.

"Chimodzi chokha. Akuti ndikufunseni ngati Febian akuimbabe."

Lettie anafuna kunyamuka m'mawa mwake. Pearson, munthu woti sakweza mawu, anamukhazika pansi. "Amake Norah, tamuyang'anani mlamu wanga. Sakudya, sakugona. Mumukweze basi ya ku Chipata tsiku lathunthu ali chonchi? Akakufikirani wamoyo? Choyamba dzino lichoke." Lettie anadziwa kuti mwamuna wake akunena zoona, ndipo zinamukwiyitsa kwambiri.

Tsono pafupi pawo pankakhala mayi wina dzina lake Lyness, wamtima wabwino ndithu, koma woti matenda onse a padziko lapansi ankawadziwa ngakhale sanapondepo pakhomo la sukulu ya unamwino. Atamva za ulendo wa kuchipatala anabwera manja ali m'chiuno.

"Awe, bana Norah, mverani ine. Kuja osakamba kuti amagwa. Bakamva chabe, bazamutenga, bamupereke ku Lusaka ku chipatala cha ofuntha, cha amisala, simuzamuonanso. Na makapisozi aja asamwe. Mankhwala yawiri yakakumana mu magazi yamamenyana. Na chakudya osamupatsa, munthu wa opareshoni sakudya."

Mawu oti "simuzamuonanso" ndi amene anamuopsa Lettie. Zaka zonsezi anali asanadumphitsepo kapisozi n'kamodzi komwe, ngakhale tsiku limene ankabereka. Koma madzulo amenewo anabisa kabotolo, m'mawa mwake chimodzimodzi. Febian anatambasula dzanja monga mwa masiku onse, iye n'kumuuza kuti lero ayi. Ananyamuka wapansi, dzuwa la Okutobala likuwotcha kale, mnyamatayo m'mimba muli mbee.

Chipinda cha mano chinali kumapeto kwa khonde lalitali. Anadikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, akumva kulira kwa makina ndi kwa ana. Febian ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu. Amene anawaitana anali Sisita Clementina, mayi wamfupi wamagalasi, wolankhula Chinyanja cha m'tauni, woitana mayi aliyense kuti "mayo".

"Ali na matenda ena? Akumwa mankhwala aliyonse?"

Lettie anayang'ana pansi. "Iyayi, Sisita. Ndi dzino lokha."

Anamukhazika Febian pampando waukulu wa dokotala, nyale n'kumuwalira kumaso. Dokotala, bambo wachimwenye wa imvi, anamutsegula pakamwa mofatsa. Atangoona nkhama zija anaima. Analankhula kanthu m'Chingerezi, Sisita n'kutembenukira kwa Lettie.

"Mayo, kambani zoona. Uyu sakumwa mankhwala ya khunyu?"

Lettie asanayankhe, Febian anabuula kubuula kuja. Thupi linauma, msana n'kupindika, zidendene n'kuyamba kumenya mpando. Dokotala anakankhira kutali thebulo la zitsulo, n'kutsitsa mpando mpaka unagona. Sisita anazimitsa nyale, n'kuika thaulo lopinda pansi pa mutu. Manja a Lettie anali atamasula kale mfundo ya chitenje okha, osauzidwa. Anadumphira pampando supuni ili m'manja, koma Sisita anamugwira pamkono mwamphamvu zoti simungaziyembekeze kwa munthu wamfupi chotero.

"Awe! Osamuika chinthu mukamwa!"

"Ameza lilime! Ndisiyeni, ndi mlongo wanga!"

"Sangameze, mayo. Lilime silimezeka. Imani apa, muone."

Lettie anaima. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaonerera mlongo wake akugwa iye osachita kanthu, supuni ili m'dzanja. Anamva ngati akumupereka. Dokotala sanamupane Febian, ankangotchinga kuti asagwere pansi, diso lili pa wotchi, jakisoni atamuika pafupi kuti mwina zikapitirira. Sizinapitirire. Kumenya kuja kunachepa, kenako kunaleka. Anamutembenuzira chammbali, malovu n'kutsikira pathaulo, mpweya n'kubwerera. Anali atadzikodzera. Sisita anamufunditsa nsalu ngati sanaone.

Febian ali m'tulo, azimayi awiriwo anakhala pabenchi. Lettie anaulula zonse, za makapisozi, za njala, za mantha a ku Lusaka. Ankayembekeza kukalipiridwa, koma Sisita anangopukusa mutu.

"Palibe amene azamutenga. Ise tifuna chabe kudziwa, kuti timusamale bwino. Makapisozi aja na jakisoni yathu sivimenyana. Chamene chamugwetsa lero ni kusamwa mankhwala, na njala, na mantha." Anafotokozanso kuti nkhama zotupazo zimabwera ndi makapisozi omwewo, n'chifukwa chake dokotala anazindikira, koma kuti asayerekeze kuwasiya, mankhwala ake ndi kutsuka m'kamwa.

Kenako anapempha kuona supuni ija. Anaitembenuza padzuwa. Inali yopindika pang'ono, yodzaza timaenje ta mano kuyambira kumutu mpaka pakati pa mpini.

"Mano aja siyanathyoke na kugwa, mayo. Ni iyi."

Lettie anati, "Ndi ya amayi anga."

Sisita anaibweza ndi manja awiri. "Na amayi anga anali kuchita chimodzimodzi," anatero.

Dzino silinachoke tsiku limenelo. Dokotala anati pali mafinya, ayambe wamwa mapiritsi kuti chotupa chiphwe, makapisozi abwerere m'thupi bwinobwino, nkhama zitsukidwe, ndipo munthuyo azolowere chipindacho kuti asadzachitenso mantha. Lettie anagwada pasimenti pomwepo. Anati amayi ake akumwalira ku Malawi, mvula ili pafupi, achite chifundo angozula lero. Sisita anamasulira zonse. Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope yake ikuoneka kuti zamukhudza, koma anakana. Anati akathamangira, akhoza kutaya mlongo pofuna kupeza mayi.

Madzulo amenewo Lettie anakhala kuseri kwa nyumba supuni ili pamiyendo. Anakumbukira phokoso lija la dzino pachitsulo, limene analimva kuyambira ali mwana n'kumaliyesa phokoso la chipulumutso. Dzino lakutsogolo lija linathyokera m'manja mwake iye mwini, tsiku lina pafupi ndi mpopi, ndipo anathokoza Mulungu kuti supuni inali pafupi. Analira kwambiri. Sanawakwiyire amayi ake ayi, anangowasowa kuposa kale, poti munthu yekhayo amene akanamvetsa kulira kumeneku anali iwowo. Supuniyo anaimanganso pa chitenje. Kuitaya sakanatha.

Lyness atamva mmene zinayendera anangoti, "Shuwa?" Pofika Lamlungu anali akuuza kale azimayi a kumpopi kuti munthu wakugwa saikidwa supuni m'kamwa, ngati nzeruyo anabadwa nayo.

Masabata otsatira anali olemera. Sisita anawauza kuti azibwera m'mawa kwambiri, anthu asanachuluke, Febian atadya phala ndiponso atamwa kapisozi. Ulendo woyamba sanamugwire n'komwe m'kamwa. Anangomukhazika pampando, kuukweza, kuutsitsa. Atamva kwa Lettie za sitima, anamuuza kuti umenewu ndi mpando wa dalaivala, ndipo nyale ija ndi ya kutsogolo kwa injini. Febian anaseka koyamba m'mwezi wathunthu, mbali imodzi ya pakamwa. Ulendo wina anamugwiritsa kagalasi kaja koonera mano. Ulendo winanso analola kutsukidwa nkhama pang'ono. Kunyumba Lettie ankamuchukuchitsa madzi ofunda a mchere, n'kumutsuka ndi mswachi wofewa ataimirira kumbuyo kwake, mutu utatsamira pamimba pake monga anamuonetsera Sisita.

Koma maso ake anali kumwamba. Mitambo inayamba kuunjikana cha ku Mpima madzulo aliwonse, n'kubalalika, n'kubweranso yakuda kuposa dzulo. Pamsika panayamba kuoneka masuku. Munthu wachilendo akakhota kulowera kunyumba kwawo, Lettie ankaganiza kuti ndi uja wodzanena kuti anthu ameta kale. Ankalota amayi ake ali pa siteshoni, onenepa monga anachokera, akumufunsa kuti wachedwa kuti. Kangapo konse anafuna kungomanga katundu n'kunyamuka dzino lili momwemo. Pearson ankangoti, "Tapirirani pang'ono, amake Norah," iye n'kumuyankha mokalipa, kenako n'kupepesa.

Tsiku lozula linafika. Febian anakwera yekha pampando wa dalaivala. Lettie anaima pambali, ndipo dzanja limene linazolowera kuthamangira ku mfundo ya chitenje analipatsa ntchito ina, kugwira dzanja la mlongo wake. Jakisoni wa dzanzi analowa Sisita akulankhula za masiteshoni, kuti tsopano tadutsa Chisamba, tsopano tikuyandikira Lusaka. Dokotala anagwira ntchito yake mwachangu. Dzino lakuda lija linatuluka, pamodzi ndi chitsa cha linzake. Febian sanagwe. Analuma thonje, misozi ikutsika, koma dzanja lina linali likadagwira chogwirira cha mpando ngati akuyendetsadi.

Bala linapola msanga. Anayamba phala, kenako nshima, kenako anapezeka akulimbana ndi mango ndi mano a m'mbali. Madzulo ena anabwerera ku waya, Lettie akumutsatira chapatali. Sitima ya anthu inalira potulukira. Febian anakonza milomo, n'kukanikiza lilime pamene panali mano aja. Panatuluka mpweya wokha, fuuu. Anayesanso. Anayesa mpaka bogi lomaliza linapita. Kenako anatembenuka, n'kuloza pakamwa pake.

"Sisi, yafa."

Palibe amene anaganizako zimenezi, ngakhale Lettie. Anamugwira dzanja n'kumuuza kuti mawa akwera sitima yeniyeni, akupita kwa amayi. Mumtima ankangomva funso la mlendo lija, lakuti Febian akuimbabe kodi.

Ananyamuka awiri, ana atatsala ndi Pearson. Sisita anawakonzera makapisozi okwanira ulendo wonse, ndipo Lettie anawamanga pa chitenje pafupi ndi supuni. Pa sitima ya ku Lusaka Febian sanakhale pansi, anaima pawindo njira yonse akuyang'ana anthu oima pa mawaya. Kenako basi, mapiri, mlatho wa Luangwa, asilikali ofunsa zitupa. Mvula yoyamba inawapeza ku Chipata, ndipo fungo la dothi lonyowa linamuopsa Lettie m'malo momusangalatsa. Atadutsa malire anayenda wapansi kuchokera pamsewu, akufunsa njira ya kwawo kwa anthu osawadziwa.

Polowa m'mudzi Lettie anatchera khutu. Kunalibe kulira, kunalibe nyimbo za maliro. Mayi wina amene ankapeta anawalozera kanyumba kaudzu. Pakhonde, pamphasa, panali kankhalamba kochepa ngati mwana, miyendo yotupa itatambasulidwa, maso oyera atayang'ana kumene kulibe kanthu.

"Odi, amayi."

"Ndani?"

"Ndine Lettie."

Manja owuma aja anamufufuza kumaso, m'makutu, m'tsitsi. Analira onse awiri, osatha ngakhale kupatsana moni woyenera. Kenako mayi Justina anadzutsa mutu.

"Wabwera wekha?"

Febian anali ataima patali pafupi ndi nkhokwe, katundu ali m'manja. Iye ankadikira mayi wonenepa wa duku lofiira amene anakwera sitima, ndipo nkhalamba iyi sankaidziwa. Lettie anamukodola, iye anakana ndi mutu. Pamenepo mayi Justina anakoka mpweya, n'kuitana ndi kamawu kotsala, monga ankaitanira pakhomo la ku komboni.

"Sitima yanga ili kuti?"

Katundu anagwa pansi. Febian anakonza milomo, n'kukankha ndi mphamvu zake zonse. Fuuu. Mayi Justina anapendeketsa mutu, akudikirabe mluzu. Nkhope yawo inayamba kugwa.

"Lettie, wandibweretsera ndani?"

Febian sanadikire kuti mlongo wake amuyankhire. Anayenda, n'kugwada, n'kutsamiritsa mutu wake wandevuwo pamiyendo yotupa ija, chammbali, monga ankachitira kugwa kukatha. Zala za mayi Justina zinadziwa pomwepo. Zinayenda pachipumi, pachipsera cha pamwamba pa diso, pamasaya, mpaka pamilomo. Zitalowa pang'ono zinapeza mpata uja, n'kuima.

"Mano a mwana wanga apita kuti? Lettie, supuni ija sindinakusiyire?"

Zonse zimene ananena Sisita Clementina zinali pa lilime la Lettie. Anayang'ana manja a mayi amene ankagwada pafumbi anthu onse atathawa. Anamasula mfundo ya chitenje.

"Munandisiyira, amayi. Nayi. Sindinasiyane nayo."

Mayi Justina anaipapasa, chala chikuyenda pa timaenje tija, takale timene ankatidziwa ndi tatsopano tomwe. "Wagwira ntchito, mwananga," anatero. Anaifumbata pachifuwa, osaibwezanso, ndipo Lettie sanaipemphe.

Febian, mutu uli pamiyendo pomwepo, anayesanso. Ulendo uno sanakakamize. Mpweya unatuluka wautali, wofatsa, mpaka kuthera. Mayi Justina anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayamba kuseka, misozi ikutsika m'maso oyera aja.

"Ndamva tsopano. Iwe Lettie, sukuikumbuka? Imalira mluzu ikamanyamuka. Uku ndi kupuma kwake ikaima pa siteshoni." Anasisita mutu uja. "Yafika sitima yanga."